Osangoloweza miyambi ya Chilatini ngati nyimbo

Anzanga amene mukuphunzira Chilatini kapena za malamulo, tanthauzo la Chingerezi lija lembani ndithu koma pambali pake ikaninso mwambi wathu wofanana nawo, apo ndiye zimakhazikika m'mutu. Festina lente mwachitsanzo, akuti fulumira koma modekha, ine ndimangoti kuona maso a nkhono nkudekha basi sindiiwalanso. Manus manum lavat, dzanja limasambitsa linzake, sikutali ndi chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Koma miyambi ina musayikakamize kufanana ndi yathu ayi. Audi alteram partem uja wa kukhoti mugwireni mmene alili, mverani mbali inayonso musanaweruze, chifukwa pa mayeso amafuna tanthauzo lenileni ndipo mukalisokoneza mamalikisi amapita.