Thupi likafooka mwadzidzidzi: ndi sitiroko kapena msana?

Mukucheza ndi munthu bwinobwino, kapu imene wagwira yangopulumuka n'kugwa pansi. Mukamufunsa chavuta n'chiyani, mawu akutuluka ngati lilime lalemera, pakamwa papotokera mbali imodzi. Ambirife timati watopa, akagone, mawa adzuka bwino. Anthu timawataya pomwepa.

Sitiroko imabwera magazi akasiya kufika mbali ina ya ubongo, mwina chifukwa mtsempha watsekeka ndi magazi oundana, mwina waphulika. Kutsekeka ndiko kofala kwambiri, ndipo chimene chimatsogolera kawirikawiri ndi kuthamanga kwa magazi, shuga ndi fodya. Ubongo wa kumanzere umalamulira thupi la kumanja, wa kumanja umalamulira la kumanzere, n'chifukwa chake sitiroko imakonda kugwira mbali imodzi: nkhope, mkono ndi mwendo wa mbali yomweyo.

Muyeseni pompo. Muuzeni amwetulire, muone ngati tsaya limodzi lagwa. Akweze manja onse awiri. Mkono wina ukamatsika wokha, ndi chizindikiro. Anene dzina lake ndi kumene ali, mumve ngati mawu akumveka komanso ngati iyeyo akumva zimene mukunena. Ena amayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, kudzandira ngati aledzera, kapena mutu kuwawa koopsa kumene sanakumvepo chibadwire. Chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira kuthamangira kuchipatala.

Onani nthawi imene zayambira ndipo mukaitchule kwa adokotala, chifukwa mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa kawirikawiri pasanathe maola 4 ndi theka. Musamumwetse madzi kapena kumudyetsa, pakuti kumeza kumavuta ndipo angatsamwe. Asipirini ayi: ngati mtsempha waphulika, muwonjezera kukha magazi. Ngati akusanza kapena wakomoka, mugonekeni cham'mbali. Ndipo chonde, zizindikiro zikatha zokha pakapita mphindi zochepa, musasangalale. Limenelo ndi chenjezo, sitiroko yaikulu ikhoza kutsatira m'masiku ochepa.

Za msana n'zina. M'kati mwa fupa la msana mumadutsa chingwe cha mitsempha chimene chimanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi. Chikavulala, thupi siligawika kumanja ndi kumanzere, limagawika kumtunda ndi kumunsi. Nkhope ili bwino, munthu akuyankhula zomveka, koma miyendo yonse iwiri yachita dzanzi kapena siikusuntha. Mukhudzeni pang'onopang'ono kuyambira kuphazi kukwera m'mwamba, mupeza malo amene akuti "apa ndiye ndikumva". Chingwecho chikavulala m'khosi, manja nawo amafooka, ngakhale kupuma kumavuta. Mkodzo ndi chimbudzi zimangotuluka osadziwa, kapena mkodzo umakanika kutuluka.

Pano chifundo chothamanga chimapweteka. Ndimamva chisoni ndikaona wovulala pa ngozi ya pamsewu, kapena wogwa kuchokera pamwamba, akunyamulidwa wina miyendo wina manja, khosi lili lendelende. Fupa losweka likasuntha, likhoza kumaliza chingwe chimene chinangophwanyika pang'ono. Musamukhazike, musamuimiritse, musamuvule chipewa cha njinga yamoto pokhapokha ngati chikumulepheretsa kupuma. Mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti usatembenuke, ndipo muitane ambulansi. Ngati palibe kuchitira mwina koma kumunyamula, mukhale anthu angapo, mumusunthe mutu, khosi ndi thupi zili mzere umodzi, mumuike pa thabwa lolimba.

Si ngozi yokha imene imawononga msana. TB ya m'mafupa a msana ndi khansa zimafinya chingwechi pang'onopang'ono. Munthu amene msana wakhala ukumuwawa kwa masabata, makamaka usiku, akayamba kukoka miyendo, kuchita dzanzi pakati pa ntchafu kapena kuvutika kukodza, asadikire tsiku limene anamuuza kuti akabwerenso kuchipatala. Apite tsiku lomwelo, miyendo ikadasunthabe.