Musanakwere phiri la Kasungu, konzekani chonchi

Phiri la Kasungu limaoneka lapafupi mukaima m'tauni, ndipo ambiri amangonyamuka atavala patapata, madzi osatenga. Abale anga, musatero.

Nyamukani m'mamawa, dzuwa lisanakwere. Mu Okutobala ndi Novembala miyala imatentha moti simungaigwire ndi dzanja pofika masana. Madzi tengani malita awiri munthu mmodzi, osati botolo limodzi la gulu lonse, ndipo muzimwa pang'onopang'ono ludzu lisanakupwetekeni. M'chikwama ikanimo mtedza wokazinga, nthochi kapena mbatata yootcha.

Nkhani ya nsapato ndiyo ndimaiumirira kwambiri. Valani zomanga zingwe, zokhala ndi mano kunsi, zimene munaziyendera kale. Zatsopano zimatulutsa matuza. Anthu ambiri amavulala potsika, miyendo itatopa, timiyala tikugubuduzika pansi pa phazi. Tsikani chammbali, mawondo opinda pang'ono, ndodo ili m'manja. Valaninso buluku lalitali chifukwa cha minga ndi chitedze, ndipo musapise dzanja m'ming'alu ya miyala musanayang'anemo, njoka zimabisala momwemo.

M'chilimwe anyamata osaka mbewa amatentha tchire, ndipo moto umathamangira kumtunda mwaliwiro kuposa munthu. Mukaona utsi kumunsi kwanu, musapitirire kukwera, patukirani pathanthwe popanda udzu. M'dzinja mitambo ikayamba kuda, tsikani msanga, mphenzi imakonda pamwamba.

Musapite nokha. Uzani wina kunyumba njira yomwe mudzere ndi nthawi yobwerera, foni ikhale yodzaza moto ndiponso ndi mayunitsi. Mabotolo ndi majumbo mubwere nazo kunyumba.