Ma core a purosesa akamasiyana luso: momwe mungachitire pa kernel ya Linux

Chaka chatha ndinagula foni yosweka galasi pamsika ku Lilongwe kuti ndiyisandutse seva yaing'ono ya ku ofesi. Foni ili ndi batire lake, ndiye magetsi akathima iyo imapitirizabe ntchito. Wogulitsa analumbira kuti ili ndi RAM ya 6GB, koma nditayatsa kunyumba ndinapeza 4GB. Mukamagula zoterezi muziyatsa pomwepo n'kuona nokha musanatulutse ndalama, chifukwa mukabwerera mawa mwini wake amakhala atasuntha benchi.

Chimene chinandidyera masiku si RAM ayi, koma ma core, timagawo ta purosesa timene timayendetsa mapulogalamu. Kuyambira pomwe kampani ya Arm inalengeza kapangidwe ka big.LITTLE mu 2011, mafoni ambiri amakhala ndi ma core amitundu iwiri pa chipu chimodzi: akuluakulu othamanga, ndi ang'onoang'ono osadya batire. Kusiyana liwiro kulibe vuto, kernel (mtima wa Linux umene umayendetsa makina) imadziwa kugawa ntchito. Vuto limabwera pamene core ina ikumva malamulo amene inzake siikuwamva. Chitsanzo chodziwika ndi chipu cha Samsung cha Exynos 9810 cha mu 2018: ma core ake ang'onoang'ono, Cortex-A55, ndi a ARMv8.2, pomwe akuluakulu ndi a ARMv8.0. Apa wamng'ono ndiye wodziwa zambiri kuposa mkulu wake, monga atomics, malamulo osinthira nambala mu memory kamodzi n'kamodzi popanda core ina kulowerera. Pulogalamu ikafunsa ili pa core yaing'ono kuti "kodi atomics alipo?" n'kuuzidwa kuti alipo, kenako kernel n'kuisamutsira pa core yaikulu, imagwa pomwepo ndi uthenga woti Illegal instruction. Lero igwa, mawa iyenda bwinobwino, ndipo n'chifukwa chake vutoli limazunguza mutu.

Za kutsegula bootloader ndi kuika Linux sindizikamba. Ndikutenga ngati mwafika kale pa root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa makina.

Choyamba, dziwani ma core amene muli nawo

Lembani `grep -E "processor|implementer|part|Features" /proc/cpuinfo`. Yang'anani manambala a CPU part: 0xd03 ndi Cortex-A53, 0xd05 ndi A55, 0xd08 ndi A72, 0xd0b ndi A76. Implementer 0x41 ndi Arm eni ake, 0x51 ndi Qualcomm, 0x53 ndi Samsung. Koma mzere wa Features usakunamizeni. Pa arm64, Linux ya machipu a Arm a 64-bit, mzerewu umafanana pa core iliyonse, chifukwa si luso la core imeneyo koma zimene kernel yavomereza pa makina onse.

Chachiwiri, mverani zimene kernel inanena poyaka

`dmesg | grep -iE "sanity|variation|CPU features"`

Core iliyonse ikamadzuka, kernel imawerenga ma rejista ake a ID n'kuwayerekeza ndi a core yoyamba. Pa luso lambiri imatenga lotsikitsitsa: ngati core imodzi yokha ilibe atomics, ndiye kuti makina onse alibe atomics, basi. Zonsezi zili mu fayilo ya `arch/arm64/kernel/cpufeature.c`, ndipo ndikukulimbikitsani kuti muiwerengeko ngakhale ndemanga za kumayambiriro zokha. Mukaona mzere woti SANITY CHECK: Unexpected variation in SYS_ID_AA64ISAR0_EL1, musachite mantha. Kernel ikungonena kuti yaona kusiyana, yatsitsa luso, ndipo yadziika chizindikiro cha S pa taint (mndandanda wa zokayikitsa zimene kernel yakumana nazo) kuti aliyense wolandira lipoti lanu adziwe kuti chipu chanu si cholongosoka kwenikweni.

Chachitatu, ma core onse adzuke limodzi

Apa ndi pamene ndinapunthwa, ndiye ndikhalapo pang'ono.

Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kuja kotuluka thukuta ngakhale usiku. Foni ija inkatentha kwambiri poyaka moti ndinkaiika pa chivindikiro cha poto kuti chizikoka kutentha. Ndinaganiza zoti izidzuka ndi ma core anayi ang'onoang'ono okha, akuluakuluwo ndizidzawadzutsa ndekha ntchito ikachuluka. Ndinaika `maxcpus=4` pa mzere wa malamulo amene kernel imawerenga poyaka. Inayaka bwino, yozizira, ine n'kusangalala. Nditalemba `echo 1 > /sys/devices/system/cpu/cpu4/online`, inakana. Cpu5 inakananso, mpaka cpu7.

Maganizo anga oyamba anathamangira kwa wogulitsa uja: munthu amene ananama za RAM angalephere bwanji kundigulitsa chipu chakufa theka? Ndinasintha chingwe. Ndinagula batire lina, ndalama yoti ikanagula ndiwo za sabata yonse, poganiza kuti lakale silikupereka mphamvu yokwanira kudzutsa ma core akuluakulu. Ndinamanganso kernel kawiri. Usiku wachitatu m'pamene ndinawerenga dmesg modekha mpaka kumapeto, ndipo yankho linali pomwepo nthawi yonseyi: mzere wonena kuti CPU4: Detected conflict for capability, wotsatiridwa ndi CPU4: will not boot.

Chimachitika n'chakuti kernel imasankha luso la makina kamodzi kokha, ma core odzuka poyamba akangomaliza kudzuka. Ikasankha, imasintha malamulo ena m'kati mwake momwe kuti izigwiritsa ntchito luso limenelo, ndipo imauza mapulogalamu kudzera mu HWCAP (mndandanda wa luso umene imapereka kwa mapulogalamu) kuti luso lilipo. Mawu amenewa ikawanena singawabwezenso, popeza mapulogalamu ayamba kale kuwadalira. Ine ndinaisiya kuti isankhe ikuona ma A55 okha, ndiye inavomereza atomics ndi zina za ARMv8.2. Core yaikulu itabwera mochedwa ilibe zimenezo, kernel inali ndi njira ziwiri: kuilola kuti mapulogalamu azigwa mwachisawawa, kapena kuikaniza pakhomo. Inaikaniza, ndipo inachita bwino.

Mankhwala ake ndi kutembenuza ndondomeko. Chotsani `maxcpus`, ma core onse asanu ndi atatu adzuke, kernel iwaone onse n'kusankha luso limene onse ali nalo. Ikatha kuyaka, goneketsani akuluakuluwo ndi `echo 0 > /sys/devices/system/cpu/cpu4/online`, mpaka cpu7. Mukadzawafuna adzadzuka popanda kukana, chifukwa anawerengedwa kale pachiyambi. Kutentha kwa masekondi ochepa a poyaka ndi kumene mumalipira. Chivindikiro cha poto chija chikadali pansi pa foni mpaka lero.

Chenjezo lina pomwepa. Ma kernel amene anthu amatumizirana m'magulu a pa intaneti, aja olembedwa kuti "othamanga", nthawi zambiri ndi akale ndipo ena anachotsedwa macheke amenewa kuti uthenga wochenjeza usamaoneke. Kernel yotere imatha kulengeza luso la core yoyamba ngati la makina onse. Yesani nokha: tengani pulogalamu imene ikugwa, muiyendetse pa core 0 yokha ndi `taskset -c 0`, kenako pa core 4 yokha ndi `taskset -c 4`. Ikayenda pa imodzi n'kugwa pa inayo, kernel yanu ikunama. Pezani ina yochokera ku kernel.org kapena kwa anthu amene amaonetsa poyera zimene asintha.

Chachinayi, mapulogalamu anu

Musamange ndi `-march=native` pa chipu chotere. Gwiritsani ntchito `-march=armv8-a`. Kuyambira GCC 10 (GCC ndi chida chomangira mapulogalamu), `-moutline-atomics` imakhala yoyatsidwa kale, ndipo imachititsa pulogalamu kufunsa kernel ikamayamba ngati atomics alipo isanawagwiritse ntchito. Ngati mukulemba nokha, funsani ndi `getauxval(AT_HWCAP)`. Musaganizire luso poona dzina la core. Chimodzimodzinso kukula kwa mzere wa cache, kamemory kothamanga ka m'kati mwa purosesa. Mu 2016 olemba Mono, chida choyendetsera mapulogalamu a .NET, anasauka ndi Exynos 8890, pomwe ma core ena anali ndi mizere ya mabayiti 128 ndipo ena 64, ndipo pulogalamu yosunga nambala ya core imodzi inkadumpha theka la cache pa inzake. Kernel zamakono zikaona kusiyana kotere zimagwira funso la CTR_EL0, rejista yonena kukula kwa mzerewu, n'kuyankha nambala yaing'onoyo, choncho apa ntchito yanu ndi kungopewa kernel yakale.

Chachisanu, mapulogalamu a 32-bit

Pa machipu a m'badwo wa 2021, Cortex-X2 ndi A510 zimangomva 64-bit pomwe A710 imamvabe 32-bit. Lamulo lotenga lotsikitsitsa likanati pasakhale 32-bit konse, koma apa Linux inatsegula kakhomo kuyambira pa 5.15. Ikani `allow_mismatched_32bit_el0` pa mzere wa malamulo, ndipo kernel izisunga mapulogalamu a 32-bit pa ma core okhawo amene angawathe. Mndandanda wa ma core amenewo uli mu `/sys/devices/system/cpu/aarch32_el0`. Imodzi mwa ma core amenewa kernel siidzalola kuti muigoneke. Ngati mulibe pulogalamu yakale imene mukuifunadi, isiyeni osayatsa.

Chachisanu n'chimodzi, za Intel

Kuno n'kosavuta. Alder Lake ya kumapeto kwa 2021 inabwera ndi ma P-core (akuluakulu) odziwa AVX-512, gulu la malamulo owerengera manambala ambiri nthawi imodzi, ndi ma E-core (ang'onoang'ono) osaidziwa, ndipo Intel inangoizimitsa pa onse. Pa ma boardi ena oyambirira inkabwerera munthu akazimitsa ma E-core mu BIOS, koma machipu apambuyo pake anaidula kufakitale, ndiye wina akakuwonjezerani mtengo ponena kuti yake ili ndi AVX-512, muuzeni akuonetseni pa `lscpu`. Mukafuna kuibisa nokha pa makina ena, `clearcpuid=avx512f` imagwira pa kernel zatsopano, ndipo pa zakale lembani `clearcpuid=304`. Mukatero yatsaninso makina, muonenso `lscpu`, ndipo muyendetse pulogalamu yanu ndi `taskset` pa core iliyonse musanaipatse ntchito yeniyeni.