Momwe mungaikire handibuleki pa galimoto yakale yomwe kumbuyo munaika madisiki

Okonda galimoto zakale monga Datsun 1200 kapena Corolla KE70 akachotsa madilamu akumbuyo n'kuika madisiki, amasangalala kuti galimoto yayamba kuima bwino. Vuto limaoneka akaimika pamtsetse: handibuleki inkagwira kudzera m'madilamu aja, ndiye yapita nawo limodzi. Kuno ku Zomba nkhaniyi si yamasewera. Mzinda wathu unamangidwa m'mbali mwa phiri, misewu ya ku Mulunguzi ndi wokwera ku Ku Chawe ndi yazitunda, ndipo mwala wotchinga kutayala sungakupezereni COF (chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ku Road Traffic.

Sankhani njira

Njira yosavuta ndi kugula makalipa (zitsulo zopana disiki ndi mapadi) okhala kale ndi kamkono ka handibuleki, monga akumbuyo a VW Golf 4. Kebulo ikakoka kamkonoko, kachitsulo kamazinga kamkati kamakankha pisitoni, mapadi n'kugwira disiki popanda kudalira mafuta a buleki. Makalipawa amapezeka mwa ogulitsa masipeya akale ku Ndirande ndi ku Limbe. Pogula, kankhani kamkonoko ndi dzanja. Ngati sikakubwerera kokha, kadyedwa ndi dzimbiri, isiyeni kalipayo.

Ngati makalipa omwe muli nawo mukuwakonda, mutha kuwonjezera kalipa yachiwiri yaing'ono yokoka ndi kebulo yokha, monga zimene amapanga a Wilwood, koma izi n'zoitanitsa kunja. Palinso njira ya timashuzi tobisika mkati mwa disiki, ngati pa Mercedes-Benz ndi BMW zambiri. Imagwira mwamphamvu, koma imafuna kusintha disiki ndi mbale yonse yakumbuyo kwake. Ine ndingasankhe yoyamba ija.

Munthu asakunyengeni ndi handibuleki ya mafuta, ija ya opikisana liwiro. Imadalira mafuta kukhala opanikizika m'mapaipi, ndipo labala ikangodontha pang'ono usiku, m'mawa galimoto mukaipeza m'ngalande. Buleki yoimikira ikhale ya kebulo basi.

Yezani, kenako pangani bulaketi

Kwezani galimoto pamalo athyathyathya, muiike pa masitandi, osati pa jeke yokha, ndipo tchingani matayala akutsogolo. Yezani kukhuthala kwa disiki yanu: kalipa wamba ya Golf 4 inapangidwira disiki yokhuthala mamilimita 9, choncho siingalowe pa disiki yokhala ndi mipata ya mphepo pakati. Onaninso kuti ikukwana m'kati mwa limu, poti malimu a mainchesi 13 a galimoto zakale amapanikiza.

Dulani kaye chithunzi cha bulaketi, chitsulo chomangirirapo kalipa, pa katoni kapena pulayiwudi. Chikakhala bwino, pitani nacho kwa wodula zitsulo akudulireni pa chitsulo chokhuthala mamilimita 10. Disiki ikhale pakati penipeni pa kalipa, ndipo mabauti akhale olembedwa 10.9 pamutu, osati ongotola m'kabokosi ka pagalaja. Kanipo kotulutsira mpweya kayang'ane kumwamba. Mukasinthanitsa kalipa yakumanja ndi yakumanzere kamayang'ana pansi, ndipo mpweya sutha ngakhale mupope tsiku lonse.

Kebulo

Apa ndi pamene ntchito imadya nthawi. Nthawi zambiri kebulo yakale siyenderana ndi kamkono katsopano, ndiye gulani makebulo a galimoto yomwe kwachokera makalipawo, muwalumikize ku ndodo ya handibuleki yanu kudzera pa kachitsulo kogawa mphamvu mofanana ku matayala onse awiri. Chikopa chakunja cha kebulo chimangidwe zolimba kumapeto konse. Chikamasuntha, mphamvu ya dzanja lanu imathera pomwepo. Kebulo ipite kutali ndi ekizozi, isapindike mwadzidzidzi, ndipo isiyidwe ndi mpata woti difu izikwera ndi kutsika osaikoka. Mukaiwala mpatawu, galimoto idzadzimanga yokha ikamadutsa m'maenje.

Kutchuna kuli ndi ndondomeko yake

Pisitoni ya makalipawa sakankha ndi chopanira ngati yakutsogolo. Amaizungulitsa uku akukankha. Mukaiumiriza muthyola zamkati.

Musayambe ndi kebulo. Thirani mafuta a DOT 4, tulutsani mpweya, kenako pondani buleki mwamphamvu kangapo kuti mapisitoni adzitchune okha kufika pa mapadi. Zikatero mangani nati ya kebulo pang'onopang'ono mpaka kamkono ka pa kalipa katatsala pang'ono kunyamuka pomwe kamatsamira. Ndodo igwire ikalira kanayi kapena kasanu, ndipo mukaimasula, matayala onse azizungulira ndi dzanja. Akamakhula chikhalirecho kebulo ili yomasuka, funsani amakaniko ayang'ane masita silinda, chomwe chimapopa mafuta mukaponda buleki: ena akale a madilamu ali ndi kavavu kosunga mphamvu pang'ono m'mapaipi, kamene pa madisiki kamayenera kuchotsedwa.

Kuyesa

Yambani pachitunda chofatsa, phazi lili pafupi ndi buleki, galimoto itayang'ana kumtunda kenako kumunsi. Ikakhazikika, kayeseni pamtsetse weniweni. Mapadi atsopano amakhazikika pakapita masiku, choncho mudzatchunenso nati ija pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Ndipo mukatsika kuchokera kuphiri madisiki atatentha, dziwani kuti chitsulo chikamazizira chimanyala, kugwira kwa mapadi n'kuchepa. Poimika siyani galimoto mu giya yoyamba ngati yayang'ana kumtunda, kapena mu livesi ngati yayang'ana kumunsi, matayala akutsogolo mutawakhotetsera m'mbali mwa msewu.