Momwe mungagwiritsire ntchito makina owotcherera a 3 in 1

Mukadutsa pa Kalingalinga ku Lusaka mu Alick Nkhata Road paja pomwe mageti ndi mabagala amaima m'mbali mwa msewu, muona kuti anyamata ambiri anasiya zimakina zolemera zakale zija, manje ali ndi ka inverter kamene kamawotcherera m'njira zitatu, stick (ya malodi), MIG (ya waya wotuluka wokha mu torch) ndi TIG (ya kansonga ka tungsten, waya wodzazira uli kudzanja lina). Koma ambiri amangowotcherera ndi malodi basi, mabatani enawo amawaopa ngati aluma. Ndalama munalipira zonse abale, ndiye tiyeni tikagwiritse ntchito konse.

Choyamba yang'anani chitsulo ndi malo ogwirira, makina pambuyo. Ngati ndi geti kapena shedi ndipo muli panja mphepo ya mu Ogasiti ikuwomba, khalani pa stick, chifukwa gasi wa MIG ndi TIG amauluka ndi mphepo. Lodi ya 6013 ya 2.5mm imayenda bwino pa ma amps 70 mpaka 90, ya 3.2mm kwezani kufika cha m'ma 110. Zonyamula katundu wolemera ngati ma beam ndi trela tengani lodi ya 7018, koma iyi simvana ndi chinyezi, mukaisiya pansi pa benchi nthawi ya mvula imasiya timabowo m'kati mwa weld, kunja kukuoneka bwino m'kati muli ngati chisa cha njuchi.

Kenako mawaya, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa. Kusintha batani lokha sikokwanira ayi, muyenera kusinthanso pomwe mwalumikiza. Pa 7018 chogwirira lodi chipite pa plus, earth, waya wopanira pa chitsulo uja, pa minus. MIG ya gasi chimodzimodzi, torch pa plus. Koma waya wa flux core wosafuna gasi uja nthawi zambiri umafuna torch pa minus, TIG nayonso torch pa minus, mukaiwala tungsten isungunuka mukuona. Ine ndinalemba izi ndi peni ya maka pa chivundikiro cha makina anga, palibe manyazi.

MIG ndi ya ntchito zambiri zofanana, ma desiki a sukulu, mashelefu, malata a galimoto. Ikani waya wa 0.8mm, onani kuti ka roller kakugwirizana ndi saizi ya waya, tsegulani CO2 kapena wosakaniza ndi argon pa malita 10 mpaka 15 pa mphindi. Pukutani dzimbiri ndi penti ndi galainda kaye, MIG siikhululuka dothi ngati 6013. Yesani pa kachidutswa ndipo mvetserani, ikamalira ngati kapenta m'mafuta otentha ndiye mwapeza, ikamaphulika phu phu phu waya ukukankha dzanja, chepetsani liwiro la waya kapena kwezani voltage pang'ono.

TIG imafuna argon yekha, musayese CO2. Nolani tungsten motsata utali wake osati mopingasa, mwakhudza chitsulo pang'ono n'kukweza, moto wayaka, dzanja lina likudyetsa filler, waya wodzazira uja, pang'onopang'ono. Imachedwa ndipo imafuna mtima, koma ndi yomwe imagwira stainless ya matanki a mkaka, mapaipi a m'mafakitale a zakumwa ndi makhitchini a mahotela. Burashi ya stainless ikhale yakeyake, mukagwiritsa yomwe munapukutira chitsulo wamba pabwera dzimbiri. Ndipo ogulitsa asakunamizeni, makina ambiri a 3 in 1 ndi a DC chabe, pomwe TIG ya aluminiyamu imafuna AC. Funsani musanalipire.

Ntchito ya ndalama yeniyeni ili pophatikiza njira ziwiri pa joint imodzi. Pa mapaipi a nthunzi kapena a pressure, monga a m'migodi ya ku Copperbelt ndi m'mafakitale a shuga ngati ku Mazabuka, amasema m'mphepete mwa paipi kukhala ngati V, kusiya kampata ka 2 kapena 3mm, kumangirira malo anayi, ndiye mzere woyamba wa m'kati amauyendetsa ndi TIG kuti ukhale woyera wopanda slag (zotsalira zouma zimene lodi imasiya pamwamba pa weld), pamwamba n'kudzaza ndi 7018 kuti ntchito ifulumire. Mzere uliwonse gogodani slag ndi kupukuta musanaike wina. Kumeneko weld amaiunika ndi X-ray, za kupaka penti kubisa zolakwa ngati pa geti sizigwira, n'chifukwa chake pepala la trade test la TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndi lofunika kukhala nalo.

Onaninso duty cycle pa chikwangwani cha makina. Ikalembedwa 60% pa ma amps akutiakuti, ndiye pa mphindi 10 zilizonse muwotcherere 6, zinayi apume fani ikuzungulira, osazimitsa. Malaiti akapita musalumikize pa kajenereta kakang'ono ka pa saluni, mupsereza board.

Chipewa chowotcherera chikhale ndi galasi lakuda la shade 10 kupita m'mwamba, magalasi a dzuwa aja mudzalira nawo usiku maso ngati mwathiridwa mchenga. Chitsulo cha galvanised, chokutidwa ndi zinc chija, pukutani zinc kaye ndipo gwirirani pomwe mpweya ukuyenda, utsi wake umadwalitsa. Dramu kapena thanki yomwe munali petulo, kaya mwiniwake alumbire kuti anatsuka, ibwezeni.