Yezani lata musanaike chigamba pa galimoto yakale

Pikiapu yakale, kaya Datsun, Peugeot 504 kapena Hilux, ikamanyamula mabelo a fodya kupita ku Chinkhoma ndi matumba a fetereza kubwerera kumudzi, dzimbiri siliyichedwera. Matope a nthawi ya dzinja amakanirira m'madigadi, fetereza wotayika amadya pansi pa bodi. Amisiri athu kuno ku Kasungu luso lowotcherera ali nalo, koma ambiri amangotola lata lomwe lili pafupi n'kuphimba bowo. Apa ndiye pamene ntchito imaonongekera.

Zitseko, madigadi ndi denga la galimoto zambiri zakale zinapangidwa ndi chitsulo chochindikala pakati pa mamilimita 0.8 ndi 1.2. Ogulitsa amatchula geji: geji 22 ndi pafupifupi mamilimita 0.8, geji 20 ndi 0.9, geji 18 ndi 1.2, geji 16 ndi 1.5. Nambala ikamakwera, lata limapyapyala. Choncho malata ofolerera nyumba a geji 28 kapena 30, omwe safika n'komwe theka la milimita, asayandikire galimoto. Ndi opyapyala kwambiri, komanso anakutidwa ndi zinki amene utsi wake umadwalitsa mukamawotcherera.

Musanadule, palani penti ndi fila (phala lomatira m'malo ophwanyika) mpaka chitsulo chiwale, pamalo pamene dzimbiri silinafike, ndipo yezani ndi venya kalipa, kachipangizo koyezera kuchindikala kwa chitsulo. Kuyeza m'mphepete mwa bowo n'kudzinamiza, chifukwa pamenepo chitsulo chadyeka kale. Chigamba chikhale chofanana ndi chimene mwayezacho.

Ena amati chochindikala ndiye cholimba, basi n'kuika geji 16 pachitseko cha geji 20. Ine sindigwirizana nazo. Moto wokwanira kusungunula chigamba chotere umaboola chitsulo chakale cha pambali pake, ndipo mukauchepetsa chigamba sichigwira. Nyundo nayonso imakanika kuchipinda kuti chitsate maonekedwe a chitseko, mapeto ake mumadzaza fila wambiri, amene amang'ambika galimoto ikangogunda mabampu a msewu wa ku Chamama. Pansi popondapo ndi pa bodi ya pikiapu geji 18 imakwana. Chasisi ndi nkhani ina, imafuna chitsulo chochindikala kuposa apa.

Chigamba chabwino chimapezeka pa boneti kapena denga la galimoto ina yakufa, poti chitsulo chake n'chamtundu womwewo. Mgolo wa malita 200 umathandizanso, koma womwe munali petulo kapena mankhwala musaudule ndi moto ngakhale ukuoneka wouma, umaphulika.

Dulani dzimbiri lonse, chigamba chilowe ndendende pabowo, osati kusanjika pamwamba, chifukwa pakati pa malata awiri pamakhala madzi. Makina owotcherera a magetsi ogwiritsa ntchito ndodo amaotcha msanga lata lopyapyala. Gasi kapena MIG (makina owotcherera ndi waya) ndiye zoyenera. Dontheza apa, dumphira mbali ina, dikira pazizire, mpaka madontho akumane. Mukathamangitsa mzere umodzi wautali chitseko chimapindika.

Eni Land Rover zakale, samalani. Kuyambira 1948 mbali zambiri za bodi yake zinali za aluminiyamu, pomwe chasisi ndi yachitsulo. Gunditsani maginito: akapanda kumata, chigamba chachitsulo sichingawotcherereke pamenepo, ndipo mukachikhomerera ndi maliveti aluminiyamuyo amayamba kudyeka pomwe zakhudzana. Ikani chigamba cha aluminiyamu yemweyo. Mukamaliza ntchito iliyonse pakani pulaima, penti woyamba woteteza chitsulo, mbali zonse ziwiri, makamaka kunsi kumene matope amafikira.