Ma options kwa ongoyamba kumene: muyambire pati kuti musaotche ndalama

Ambiri nkhani ya ma options timayamba kuyimva pa YouTube kapena pa TikTok, wina akuonetsa kuti $200 yake yabereka $2,000 tsiku limodzi lokha, basi mtima wayamba kale kuthamanga. Zimachitikadi zimenezo, sindikukana ayi, koma uja yake yapsa yonse sajambula vidiyo. Ndiye ngati mukufuna kuphunzira, tiyeni tiyende mwandondomeko.

Poyambira penipeni ndi masheya. Ngati simunagulepo sheya ngakhale imodzi, simukudziwa chimene chimakweza kapena kugwetsa mtengo wake, ma options asiyeni kaye, chifukwa option payokha ilibe moyo, imatsamira pa sheya inayake kapena index, nambala yoyeza mitengo ya gulu la masheya pamodzi, ngati S&P 500. Sheya ikayenda, iyonso imayenda, koma mokokomeza.

Mukadutsa pamenepo, gwirani tanthauzo lake. Option ndi mgwirizano wokupatsani ufulu wogula kapena kugulitsa masheya pamtengo womwe mwagwirizana, tsiku lomwe laikidwa lisanadutse. Ufulu, osati chikakamizo. Ili ngati dipoziti yomwe mumapereka kuti mwini galimoto akusungireni pamtengo womwewo mpaka kumapeto kwa mwezi, mukasintha maganizo galimoto simugula koma dipoziti yanu yapita, simuionanso. Mitundu yake ndi iwiri basi. Call ndi ufulu wogula, mumaigula mukamaganiza kuti mtengo ukwera. Put ndi ufulu wogulitsa, iyi ndi ya amene akuona kuti mtengo ugwa, kapena ali nawo kale masheya ndipo akufuna ngati inshuwalansi. Mtengo wogwirizana uja amautcha strike, ndalama yomwe mukulipira kuti mupeze ufuluwo ndi premium, tsiku lomwe mgwirizano ukufa ndi expiry. Mawu atatu amenewa muwaloweze ngati nambala yanu ya foni.

Chinanso chomwe chimapusitsa ongoyamba, pamsika wa ku America kontrakiti imodzi nthawi zambiri imaimira masheya 100. Ndiye mukaona palembedwa 2.00 musamati aaa zotchipa bwanji, imeneyo ndi $200.

Tsopano tengani pepala ndi cholembera, apa ndi pamene pagona nkhani yonse ndipo ndikhalapo pang'ono. Tiyerekeze sheya ya kampani ina ili pa $50. Inu mwagula call ya strike $55, yotha pakatha mwezi umodzi, premium $2 pa sheya, ndiye kuti mwatulutsa $200. Kuti ndalama yanu ingobwerera pa tsiku la expiry, sheya iyenera kufika $57, kutanthauza strike kuphatikiza premium. Ikafika $62, option yanu ikhala ya $7 pa sheya, $700 yonse, kuchotsa $200 yanu ija phindu ndi $500, zabwino zedi. Koma taonani izi. Sheya yakwera kuchoka pa $50 kufika pa $56, munalosera bwinobwino kuti ikwera ndipo yakweradi, koma option yanu ndi ya $1 yokha, mwaluza $100. Ikathera pa $54, yakwerabe eti, koma inu mwatsala ndi ziro, $200 yonse yapita, pomwe mnzanu amene anangogula sheya yeniyeniyo akumwetulira ndi $4 pa sheya iliyonse. Mwaona vuto lake? Sikokwanira kudziwa kumene mtengo ukulowera, muyeneranso kulondola kuti uyenda mtunda wautali bwanji komanso ufika liti. Zinthu zitatu nthawi imodzi.

Put ndi chimodzimodzi koma chozondoka. Strike $45, premium $1.50, mwalipira $150, sheya iyenera kutsika kupyola $43.50 kuti muyambe kudya. Masamu amenewa muwachite pamanja kakhumi kapena kupitirira ndi manambala osiyanasiyana mpaka azibwera okha m'mutu.

Sitepe yotsatira ndi kumvetsa chifukwa chake premium imasintha ngakhale sheya itangokhala phee. Choyamba ndi nthawi. Tsiku lililonse likadutsa option imachepa mphamvu, amati theta, ndipo kusungunukako kumathamanga kwambiri masabata omaliza. Sheya mutha kuisunga zaka khumi mukudikira kuti idzuke, option siidikira munthu. Chachiwiri ndi implied volatility, mwachidule ndi mmene msika ukuyembekezera kuti mtengo ugwedezeke. Kampani ikatsala pang'ono kulengeza zotsatira za ndalama zake za miyezi itatu, premium imafufuma chifukwa aliyense akudikira nkhani, ikangolengeza imaphwa nthawi yomweyo, ndiye mumapeza munthu wagula call, sheya yakweradi pang'ono m'mawa mwake koma iye waluzabe ndipo sakumvetsa chachitika ndi chani. Palinso delta, imene imakuuzani kuti sheya ikasuntha $1 option isuntha zingati, delta ya 0.50 ndiye kuti pafupifupi masenti 50. Zilembo zina zachigiriki zija, gamma, vega ndi rho, mudzaziona mtsogolo, musadzipweteke nazo mutu sabata yoyamba. Masamu ake enieni anatulukira mu 1973 ndi Fischer Black ndi Myron Scholes, chaka chomwecho chimene msika wa ma options wa Cboe unatsegulidwa ku Chicago, ndipo Scholes ndi Robert Merton anadzalandira nawo mphoto ya Nobel mu 1997, koma inu simukufunika kuwadziwa, pulatifomu imawerengera yokha.

Kenako tsegulani akaunti yoyeserera, ya ndalama zabodza. Interactive Brokers ili nayo, thinkorswim ya Charles Schwab nayonso ili ndi paperMoney, kungoti muone kaye ngati amalandira anthu a dziko lomwe mukukhala. Mmenemo phunzirani kuwerenga option chain, tebulo lija lodzadza manambala, nthawi zambiri ma call mbali ina ma put mbali ina, ma strike pakati. Yang'anani bid ndi ask, bid ndi mtengo womwe ogula akupereka, ask ndi womwe ogulitsa akufuna. Mpata wake ukakhala waukulu, mwachitsanzo 1.00 ndi 1.40, thawani, mwaluza kale musanayambe. Onaninso volume ndi open interest kuti mudziwe ngati pali anthu, poti kugula ndi kophweka koma kupeza wokugulani pamalo opanda anthu ndi nkhani ina. Yeserani miyezi iwiri kapena itatu, ndipo muzilemba chifukwa chomwe munalowera ndi chomwe munatulukira. Ndikudziwa zimabowa. Lembanibe.

Mukapita ku akaunti yeniyeni broka, kampani yomwe mumadzera pogula ndi kugulitsa, sangokutsegulirani ma options, amakufunsani za ndalama zomwe mumapeza ndi zomwe mukudziwa, kenako amakuikani pa levulo. Osanama pa fomu kuti akupatseni levulo yapamwamba, mukudzikumbira dzenje nokha. Onaninso kuti brokayo ali ndi chilolezo cha boma la komwe ali, ndipo musasokoneze ndi ma binary options aja amakutsatsani pa Facebook ndi Telegram, zimenezo ndi zina, zili ngati juga ndipo ku UK anaziletsa kugulitsa kwa anthu wamba mu 2019.

Tiredi yoyamba ikhale kontrakiti imodzi yokha, pa sheya kapena ETF (thumba la masheya ambiri logulitsidwa ngati sheya imodzi) yomwe anthu ambiri amagula, expiry ya mwezi umodzi kapena iwiri kutsogolo, osati zija zotha tsiku lomwelo zomwe amati 0DTE. Gwiritsani limit order kuti mtengo muutchule nokha. Ndalama yake ikhale yoti ikapsa yonse mugonabe tulo, osati ya lendi, osati ya ngongole. Musanadine batani lembani potulukira ponse pawiri, pa phindu ndi pa kuluza, ndipo dziwani kuti simukakamizidwa kudikira expiry, mutha kugulitsa option yanu tsiku lililonse msika uli wotsegula, ambiri amachita chomwecho. Mukaisiya call yanu mpaka kumapeto mtengo wa sheya uli pamwamba pa strike ngakhale ndi senti imodzi, kawirikawiri imasanduka yokha masheya 100, ndiye pa strike ya $55 ija Lolemba mungadzuke ndi bilu ya $5,500 yomwe simunaikonzekere.

Za kugulitsa ma options, kumene inu ndi amene mumalandira premium, zimakoma kumva chifukwa ndalama imalowa pompopompo. Koma pamenepo ufulu uli ndi mnzanuyo, inu muli ndi udindo. Wogula call sangaluze kuposa premium yake, pomwe wogulitsa call alibe masheya ake kuluza kwake kulibe malire poti mtengo ulibe denga, funsani amene anakumana ndi GameStop mu Januwale 2021 pomwe sheya inachoka pansi pa $20 kukafika kupitirira $400 m'masabata ochepa. Ngati mukufunitsitsa kuyesa mbali imeneyi, yambani ndi covered call, pomwe masheya 100 aja muli nawo kale m'manja, ndipo muvomereze kuti mtengo ukadumpha kupyola strike adzawatenga pamtengo womwe munagwirizana, phindu la pamwamba pake lidzadyedwa ndi wina inu mukuonerera.